Chithunzi chakuda ndi choyera: chioneni musanawononge pepala ndi inki

Anthu ambiri amaganiza kuti kusindikiza chithunzi chakuda ndi choyera n'kosavuta poyerekeza ndi chamitundumitundu. Amati pajatu mitundu yake ndi iwiri yokha, nanga chovuta n'chiyani? Koma aliyense amene amagwira ntchito yojambula ndi kusindikiza zithunzi akhoza kuchitira umboni kuti zinthu sizili choncho. Chithunzi chomwe chimakoma m'maso pakompyuta chimatuluka mu pulinta chitada bii, nkhope itamira mumdima, jekete lakuda la mkwati litasanduka chigamba chopanda mapindo ngakhale mabatani. Nthawi zina chimatuluka chobiriwirako ngati chamera ndere. Nthawi zinanso chimaoneka bwino masana pafupi ndi windo, koma usiku babu likayaka chimasanduka chofiirira.

Kulakwitsa kotere kumapweteka m'thumba. Mapepala abwino osindikizira zithunzi komanso inki yake timaitanitsa kuchokera kunja, choncho pepala lililonse lotayidwa ndi ndalama yotayidwa. Komanso pali china choposa ndalama. Kukongola kwa nkhope ya munthu wakhungu lakuda kumagona m'mbali yamdima ya chithunzi, momwe kutuwa kumasiyana pang'onopang'ono kuchokera patsaya kufika pachibwano. Amene adaonapo ntchito za Seydou Keïta kapena Malick Sidibé, akatswiri a ku Bamako m'dziko la Mali, akudziwa momwe khungu lakuda limawalira pachithunzi chosindikizidwa mwaluso. Pulinta ikameza mbali imeneyi, chithunzi cha agogo kapena cha malemu bambo chomwe banja likufuna kupachika pabalaza chimataya munthu wake, n'kutsala mdima wokhala ndi maso awiri.

Njira yopewera zimenezi ilipo, ndipo yaima pa zinthu ziwiri: kuyeza khalidwe la pulinta ndi pepala, kenaka kuuza kompyuta kuti ikuonetseni chithunzi monga momwe chidzaonekere papepalalo. Choyambacho chimabala kafayilo kotchedwa profile, pomwe chachiwiricho amachitcha soft proofing.

Sikirini ndi nyali, pepala ndi mwezi

Gwero la vuto lonse ndi kuwala. Sikirini ya kompyuta ili ngati nyali chifukwa imatulutsa kuwala kwakekwake. Pepala lilibe kuwala. Lili ngati mwezi umene umangobweza kuwala kobwereka. Pasikirini yabwino, malo oyera kwambiri amawala pafupifupi ka 1,000 kuposa malo akuda kwambiri. Pepala labwino lonyezimira limafika cha m'ma 200, pomwe pepala losanyezimira lopangidwa ndi thonje limathera cha m'ma 40 kapena 50. Wosindikiza ali ngati munthu amene akupakira mungolo katundu yemwe wabwera pa lole. China chiyenera kupanikizidwa, apo ayi chitsala, ndipo funso n'lakuti asankhe ndani: mwini chithunzi kapena makina?

M'kati mwa kompyuta, chithunzi wamba chimasunga masitepe 256 a kutuwa, kuyambira pa 0 yemwe ndi kuda kotheratu, mpaka pa 255 yemwe ndi kuyera kotheratu. Mafayilo akuluakulu a 16-bit amasunga masitepe 65,536. Sikirini yowala imatha kusiyanitsa sitepe 5, 10 ndi 15, koma pepala losanyezimira, ngati palibe chowongolera, likhoza kuwasandutsa onsewo kuda kumodzi. M'masitepe apansi amenewa ndi momwe mumakhala tsitsi, suti yakuda ndi mbali ya nkhope yomwe yafulatira kuwala.

Palibe mtundu wovuta ngati wotuwa

Pulinta wamba ya inkjet imalavula timadontho tating'onoting'ono ta inki zinayi: cyan, magenta, yachikasu ndi yakuda. Kuti ipange kutuwa kopepuka ndi inki yakuda yokha, iyenera kumwaza timadonthoto patalipatali, ndipo diso limationa ngati mchenga pankhope. Pofuna kupewa zimenezi, pulinta imasakaniza inki zitatu zamitundu zija kuti zipange kutuwa kosalala.

Apa ndi pomwe pali msampha. Imodzi mwa inki zitatuzi ikachulukirako pang'ono chabe, kutuwa kumapendekera ku mtundu wake. Diresi lofiira likasintha pang'ono kufiira kwake palibe amene amazindikira, koma kutuwa kukangobiriwirako, ngakhale mwana amaona. Choipirapo n'chakuti kupendekeraku sikukhala kofanana pachithunzi chonse: malo amdima akhoza kubiriwira pomwe malo owala akufiirira, kotero kuti mukakonza mbali imodzi mumaonongeratu inzake.

Pali vuto linanso lomwe osindikiza amalitcha metamerism. Inki iliyonse imabweza kuwala m'njira yakeyake, ndipo kuwala kwa dzuwa, kwa babu lakale lachikasu ndi kwa machubu aatali a m'maofesi n'kosiyana. Inki zitatu zomwe zagwirizana bwino pansi pa kuwala kumodzi zimasemphana pansi pa kuwala kwina. N'chifukwa chake chithunzi chimodzi chimakhala ndi nkhope ziwiri, ya masana ndi ya usiku.

Opanga makina adathana ndi vutoli powonjezera inki zotuwa. M'chaka cha 2005 kampani ya Epson idatulutsa inki za UltraChrome K3, zomwe zili ndi zakuda zitatu: yakuda kwenikweni, yotuwa ndi yotuwa mopepuka. Makampani a Canon ndi HP nawonso ali ndi inki zotuwa m'mapulinta awo a zithunzi. Jon Cone wa ku Vermont m'dziko la America adapita patsogolo ndi njira yake ya Piezography, momwe inki zamitundu zimachotsedwa mu pulinta n'kuikamo inki za kaboni zosiyana kuda, mpaka zisanu ndi ziwiri. Komabe inki yabwino payokha sikwanira. Kompyuta iyenera kudziwa momwe inkiyo imakhalira ikagwera papepala lomwe mwasankha.

Kodi profile n'chiyani?

Taganizirani zogula chimanga. Ndowa ya pamsika wina siifanana ndi ya pamsika wina, ngakhale onse ogulitsa amati ndi ndowa imodzi. Chomwe chimathetsa mkangano ndi sikelo. Nambala za m'fayilo ya chithunzi zili ngati ndowa zija: nambala 128 imatanthauza kutuwa kwina pasikirini yanu, kwina pasikirini ya mnzanu, kwinanso papepala.

Sikelo ya mitundu idakhazikitsidwa m'chaka cha 1976 ndi bungwe loona za kuwala padziko lonse la CIE, ndipo imatchedwa CIELAB. Imayeza mtundu uliwonse ndi nambala zitatu. Nambala ya L imanena za kuwala, kuyambira pa 0 mpaka 100. Nambala ya a imanena ngati mtundu wapendekera kobiriwira kapena kofiira, pomwe ya b imanena ngati wapendekera kwa buluu kapena kwachikasu. Kutuwa kwenikweni ndi komwe a ndi b onse ali pa 0. Kwa wosindikiza zakuda ndi zoyera, nkhani yonse yagona pamenepa: L itsike mwadongosolo, a ndi b asayendeyende.

M'chaka cha 1993 makampani asanu ndi atatu, kuphatikizapo Adobe, Apple, Kodak, Agfa ndi Microsoft, adakhazikitsa bungwe la International Color Consortium kuti pakhale njira imodzi yolembera khalidwe la makina aliwonse molingana ndi sikelo yotere. Kafayilo kosunga khalidweli ndiko kamatchedwa ICC profile. Ntchito yake ndi ya womasulira: kamauza kompyuta kuti, pulinta iyi ikapatsidwa nambala yakutiyakuti, papepala ili pamatuluka kutuwa kwakutikwakuti.

Mfundo yofunika kuigwiritsitsa ndi iyi: profile imodzi imafotokoza zinthu zinayi zikakhala pamodzi, zomwe ndi pulinta, inki, pepala ndi zomwe mwasankha m'pulogalamu yoyendetsa pulintayo. Mukasintha chimodzi mwa zinayizi, womasulira uja wayamba kunama.

Momwe profile imapangidwira

Ntchito imayamba ndi kusindikiza tsamba la timabokosi tamitundu yosiyanasiyana, mazana angapo kapena kupitirira 1,000, popanda pulogalamu iliyonse kulowererapo kuti ikonze mitundu. Tsambalo limasiyidwa kuti liume, makamaka tsiku lathunthu, chifukwa inki imasintha maonekedwe pamene ikuuma. Kenaka kabokosi kalikonse kamayezedwa ndi chida chotchedwa spectrophotometer, monga i1Pro ya kampani ya X-Rite. Pulogalamu imayerekeza nambala zomwe zidatumizidwa ndi zomwe zatuluka, n'kulemba profile.

Pa zakuda ndi zoyera, tsamba loyeserali limakhala losavuta: mzere wa masitepe 21, kuyambira kuyera kwa pepala mpaka kuda kotheratu, sitepe iliyonse kuposa inzake ndi magawo asanu pa 100. Ngati zonse zili bwino, nambala ya L imatsika mofanana pa sitepe iliyonse ngati makwerero omangidwa ndi mmisiri wodziwa ntchito. Ngati masitepe atatu omaliza akuoneka amodzi, dziwani kuti pulintayo imeza tsitsi ndi suti za makasitomala anu. Muyeso umenewu umaululanso malire a pepala. Kuda kotheratu kwa pepala losanyezimira kumathera pa L ya pakati pa 15 ndi 20, pomwe pepala labwino lonyezimira limatsika mpaka cha pa 5. Palibe luso lomwe lingadutsitse pepala malire akewo.

Chida choyezerachi n'chodula, koma wopanda chida asataye mtima. Makampani opanga mapepala monga Hahnemühle ya ku Germany, Canson ya ku France ndi Ilford amaika ma profile aulere pa intaneti, olembedwa dzina la pulinta ndi la pepala. Palinso pulogalamu yaulere ya ArgyllCMS, yolembedwa ndi Graeme Gill wa ku Australia, yomwe imapanga ma profile ngati chida chilipo. Ndipo popeza chidachi sichigwira ntchito tsiku ndi tsiku, ojambula angapo a mumzinda umodzi akhoza kusonkherana n'kugula chimodzi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Yambani mwawongola sikirini

Profile ya pepala ndi yopanda phindu ngati sikirini ikunama. Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri ndi lakuti zithunzi zikutuluka zakuda kwambiri, ndipo nthawi zambiri wolakwa si pulinta ayi, koma sikirini yowala mopitirira muyeso. Masikirini amachoka kufakitale atawalitsidwa kuti akope ogula m'sitolo. Wojambula akaona chithunzi chikuthwanima amachichepetsa kuwala, osadziwa kuti akukwirira nkhope mumdima.

Pa ntchito yosindikiza, akatswiri amalangiza kuti kuwala kwa sikirini kukhale pakati pa makandela 80 ndi 120 pa sikweya mita, gamma ikhale pa 2.2, ndipo kuyera kwake kukhale pa muyeso wa D65 kapena D50. Kuti izi zitheke pamafunika kachida kena kotsikirapo mtengo kotchedwa colorimeter, komwe kamapachikidwa pasikirini n'kuyeza mitundu yomwe ikutuluka. Kuyezaku kubwerezedwe pafupifupi mwezi uliwonse, sikirini itayaka kwa theka la ola.

Chipinda nachonso chili ndi mbali yake. Dzuwa lisamenye pasikirini, ndipo khoma lopakidwa utoto wowala wobiriwira kapena wapinki limasokoneza diso pa nkhani ya kutuwa. Foni ya m'manja si yoyenera kuweruzira chithunzi chosindikiza, chifukwa imasintha kuwala kwake yokha malinga ndi malo omwe muli.

Kuona pepala pasikirini

Soft proofing ndi kupempha kompyuta kuti igwiritse ntchito profile ya pepala poonetsa chithunzi, kuti sikirini itsanzire kufooka kwa pepalalo. Ganizo lake n'lakale kuposa makompyuta. Cha m'ma 1940, Ansel Adams ndi Fred Archer a ku America adakonza njira ya Zone System, yogawa kutuwa m'magawo kuyambira kuda mpaka kuyera, pofuna kuti wojambula azidziwiratu momwe chithunzi chidzaonekere papepala asanadine batani la kamera. Kusiyana kwake n'kwakuti lero zomwe iwo ankaona m'maganizo ife tikhoza kuziona ndi maso. Pulogalamu ya Photoshop idayamba kuchita zimenezi m'chaka cha 2000, ndipo Lightroom idatsatira m'chaka cha 2012.

Mu Photoshop mumapita pa View, kenaka Proof Setup, kenaka Custom, n'kusankha profile ya pepala lanu. Bokosi lolembedwa Preserve Numbers lisiyeni losachonga. Mu Lightroom mumangodina chilembo S muli m'gawo la Develop.

Chotsatira ndi kusankha njira yopakirira katundu wa pa lole mungolo muja. Njira zomwe ojambula amagwiritsa ntchito ndi ziwiri. Ya Relative Colorimetric imasunga kutuwa kulikonse komwe pepala lingakwanitse monga momwe kulili, koma zonse zakuda kuposa malire a pepala imaziunjika pamodzi. N'chifukwa chake mu Photoshop iyenera kuyendera limodzi ndi Black Point Compensation, yomwe imatenga kuda kotheratu kwa fayilo n'kukulinganiza ndi kuda kotheratu kwa pepala, kenaka n'kuyala masitepe enawo mwadongosolo pamwamba pake. Ya Perceptual imapanikiza masitepe onse pang'onopang'ono kuti akwanemo. Palibe yomwe imapambana nthawi zonse. Yesani zonse ziwiri uku mukuyang'anitsitsa malo amdima.

Pomaliza pali mabokosi awiri, Simulate Paper Color ndi Simulate Black Ink, omwe amauza sikirini kuti ionetse kuyera kwenikweni kwa pepala ndi kuda kwenikweni kwa inki. Mukangowachonga, chithunzi chimasuluka ngati chagwa nkhungu, ndipo ambiri amathawira pomwepa poganiza kuti china chalakwika. Palibe chalakwika, sikirini yangoleka kukunyengani. Ndi bwino kuyang'ana kumbali pamene mukuchonga, kubisa zinthu zonse zoyera pasikirini, n'kulola diso kuti lizolowere kwa kamphindi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dziwani kuti soft proofing payokha sisintha fayilo; imangoonetsa. Kukonza ndi kwanu. Ikani zithunzi ziwiri moyandikana, choyambirira ndi chotsanzira pepala, ndipo pogwiritsa ntchito Curves tukulani pang'ono masitepe apansi mpaka mapindo a jekete ndi tsitsi zibwerere, kenaka onjezerani mphamvu pakati pomwe pali nkhope. Zosinthazi zisungidwe padera, zolembedwa dzina la pepala, kuti fayilo yoyambirira ikhale yosakhudzidwa. Mawa mukafuna pepala lina, mudzayambira pamalo abwino.

Pamene pulinta yatenga chiwongolero

Mapulinta ambiri okhala ndi inki zotuwa ali ndi njira yapadera yosindikizira zakuda ndi zoyera. Ya Epson imatchedwa Advanced Black and White. M'njira imeneyi pulinta imadalira kwambiri inki zotuwa, n'kungothirako pang'ono zamitundu pofuna kuwongola maonekedwe, motero vuto la kubiriwira ndi kufiirira limachepa kwambiri. Apa pulogalamu yanu iyenera kusiyira pulinta ntchito yoyendetsa mitundu.

Koma pali chinthu chomwe ambiri sachidziwa. Ma profile aulere a opanga mapepala amapangidwa pulinta ikusindikiza m'njira yamitundumitundu. Mukawagwiritsa ntchito poonera chithunzi chomwe chidzadutsa m'njira yapaderayi, ndiye kuti mwafunsa njira kwa mlendo. Yankho lake ndi kusindikiza masitepe 21 aja kudzera m'njira yapaderayo, kuwayeza, n'kupanga profile ya kutuwa kokhakokha. Pulogalamu ya QuadToneRIP, yolembedwa ndi Roy Harrington, ili ndi kachida kochitira zimenezi, ndipo profile yotulukayo imaonetsa pasikirini masitepe enieni komanso kafungo ka mtundu wa inkiyo papepalalo. Osindikiza ambiri amasunga mafayilo otere mu Gray Gamma 2.2.

Misampha yofunika kuipewa

Msampha woyamba ndi kumasulira kawiri. Ngati Photoshop ikugwiritsa ntchito profile, pulogalamu yoyendetsa pulinta iyenera kuzimitsidwa mbali yokonza mitundu. Onse awiri akagwira ntchito imodzi, chithunzi chimatuluka chakuda kapena chofiirira. Mapanga awiri avumbwitsa.

Wachiwiri ndi kusankha dzina lolakwika la pepala m'pulogalamu ya pulinta. Dzinali ndi lomwe limalamula kuchuluka kwa inki yothiridwa, ndiponso ngati pulinta igwiritse ntchito inki yakuda ya mapepala onyezimira kapena ya osanyezimira. Opanga mapepala amanena dzina loyenera kusankha pamodzi ndi profile yawo.

Wachitatu ndi inki yothira ya kampani ina. N'zomveka kuti ambiri amaikonda kaamba ka mtengo, koma ma profile aulere aja adayezedwa ndi inki ya mwini pulinta. Amene wasintha inki ayenera kupanga profile yakeyake.

Wachinayi ndi timabowo totulukira inki. Fumbi, kutentha komanso kukhalitsa osasindikiza zimatseka timabowoti, ndipo mtundu umodzi ukachepa, kutuwa konse kumapendekeka. Musanaike pepala lodula, sindikizani kaye tsamba loyesera timabowoti papepala wamba.

Wachisanu ndi mapepala oyera mopambanitsa. Ambiri mwa iwo amathiridwa mankhwala omwe amamwa kuwala kosaoneka kwa ultraviolet n'kukubweza ngati buluu, motero pepala limaoneka loyera mbee. Kuyera kumeneku kumasintha malinga ndi kuwala kwa m'chipinda, ndipo kumafooka zaka zikamapita. Chithunzi chofuna kusungira zidzukulu chimayenera pepala lopanda mankhwalawa.

Mawu omaliza ndi a pepala

Ngakhale zonse zitayenda bwino, soft proofing ndi kulosera chabe. Nyali singafanane ndendende ndi mwezi. Muyeso wa ISO 3664, womwe makampani osindikiza amatsata, umati zosindikiza ziziweruzidwa pansi pa kuwala kwa D50, kofanana ndi kwa masana, pa mphamvu ya 2,000 lux poyerekeza zinthu mosamalitsa, kapena 500 lux pongoona momwe zidzaonekere kwa anthu. Pabalaza pa nyumba zambiri pamakhala mdima kuposa pamenepa, makamaka usiku. Choncho funsani mwini chithunzi komwe akachipachike, ndipo ngati ndi malo amdimako, chiwalitseni pang'ono.

Musanasindikize chithunzi chachikulu, dulani kachigawo kokhala ndi diso, tsaya ndi malo akuda kwambiri, mukasindikize pa kukula kwake kwenikweni pakachidutswa ka pepala lomwelo. Kasiyeni kaume, kenaka mukaone pawindo masana ndiponso pansi pa babu madzulo. Ngati khungu likuwala, tsitsi likusiyana ndi mdima wa kumbuyo kwake, ndipo kutuwa sikunapendekere mbali iliyonse, ikani pepala lalikulu mu pulinta. Lembani m'kabuku dzina la pepala, profile ndi zonse zomwe mwasankha, kuti kasitomala akadzabwera chaka chamawa kufuna china chonga chomwecho, musadzayambirenso kufufuza mumdima.